Mwana ali pa liwiro: momwe mungalembere nthano yaitali ya mwana amene akusakidwa

Mukafuna kulemba nthano yaitali ya mwana amene akuthawa, apolisi ndi anthu ena ali pambuyo pake, yambani mwazimitsa kanema. Ambiri a ife nkhani zothamangitsana tinazidziwira m'tinyumba toonetsera mavidiyo tija ta pamsika, totchinga ndi ziguduli, ndiye tikagwira cholembera timabweretsa ndege zosaka munthu usiku, agalu onunkhiza ndi makamera pa mphambano iliyonse. Wowerenga wa pa Mponela amangoseka. Kwathu kuno mwana wothawa amagwidwa ndi mayi wogulitsa mandasi amene wamuyang'ana kawiri n'kufunsa kuti, "Iwe, ndiwe mwana wa yani? Ukupita kuti wekhawekha?" Funso limeneli ndi nsanamira ya buku lanu. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo n'zoona, koma kwa mwana amene akubisala mwambi umenewu ndi msampha, chifukwa aliyense womuchitira chifundo ndi yemwenso angamuperekeze kwa amfumu.

Yambani ndi mlandu

Tengani pepala limodzi muyankhepo mafunso atatu. Akumuganizira kuti walakwa chiyani? Iye akudziwa chiyani chimene ena sakudziwa? Nanga n'chifukwa chiyani sangangopita kwa munthu wamkulu kukanena? Lachitatuli ndi limene limagwetsa olemba ambiri. Mwana akaona zoopsa amathamangira kwa amayi ake, amalume, aphunzitsi, amfumu kapena abusa. Mukapanda kutseka makomo onsewa limodzilimodzi, wowerenga adzafunsa akadali koyambirira kuti, "Bwanji osangokawauza amfumu?" ndipo buku alitseka.

Tiyeni tipeke chitsanzo choti tiziyenda nacho. Mnyamata wa zaka 12, kwawo ku Phalombe, ali pa esiteti ya fodya ku Kasungu komwe anapita ndi amalume ake omwe ndi tenanti. Sizachilendo izi. Matenanti ambiri a m'maesiteti a ku Kasungu ndi Mchinji amachokera kummwera, ndipo ana amathandiza kuthyola ndi kusoka fodya. Usiku wina chigafa chodzaza fodya chapsa, mlonda wapezeka atafa. Mnyamatayu anadzuka kukataya madzi ndipo anaona kapitawo akuchoka kuchigafako atanyamula chigubu. Kutacha, kapitawo yemweyo ndi amene akuuza aliyense kuti mwanayu ankaotcha chimanga m'chigafamo. Amalume ali ndi ngongole ya ufa, ndiwo ndi feteleza imene idzadulidwa fodya akagulitsidwa, sangatsegule pakamwa. Kwa amfumu a m'deralo iye ndi obwera. Sukulu anasiyira sitandade 4. Amayi ake ali kutali. Makomo onse atsekeka, tsopano akhoza kuthawa.

Musamuyeretse kwambiri mwanayu. Akhale kuti anaotchamodi chimanga m'chigafamo masiku awiri apitawo, ndipo machesi amene anaba kukhitchini ali nawobe m'thumba. Mwana amene akudzikayikira kuti mwina moto uja unali wake amathawa mosiyana ndi mwana wodziwa kuti ndi wosalakwa. Amaopa ngakhale anthu amene akanamuthandiza.

Zaka zake muziyeze ndi lamulo

Chachiwiri, sankhani msinkhu wake mwadala. Ku Malawi mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 linakhazikitsa makhoti a ana, ndipo limafuna kuti mwana akagwidwa makolo kapena omuyang'anira adziwitsidwe, asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu, ndiponso kuti pa milandu ina athandizidwe kusintha popanda kuzengedwa mlandu m'khoti. Akapezeka kuti analakwadi, angathe kutumizidwa kumalo osinthira ana khalidwe monga ku Chilwa m'boma la Zomba kapena ku Mpemba ku Blantyre. Munthu aliyense wogwidwa ayeneranso kuonekera kukhoti pasanathe maola 48.

Zimenezi muzidziwe inu wolemba, koma mwanayo asazidziwe. Iye amangomva akuluakulu akutchula Maula ndi Chichiri pomwa mowa, ndipo akukhulupirira kuti wopha munthu amanyongedwa. Wowerenga amene akudziwa kuti mwanayu akuthawa chinthu chimene mwina sichikanamuchitikira amamva chisoni chowirikiza. Koma musanamizenso wowerenga kuti zolembedwa m'lamulo ndi zimene zimachitika tsiku lililonse. Mwana akhoza kufa ndi gulu la anthu okwiya wapolisi asanafike n'komwe, ndipo mantha ake pamenepo ndi oona.

Ine ndimakonda zaka 11 mpaka 13. Wa zaka 8 sangayende mtunda, mayi woyamba kumuona amugwira pamkono. Wa zaka 16 palibe amamufunsa, anthu amangoti ndi mnyamata wofuna ganyu, ndipo pa msinkhu umenewo akhoza kukhala ndi chiphaso cha unzika n'kulembetsa simu khadi yakeyake. Wa zaka 12 amatha kuwerenga ndalama ndi kunama bodza lomveka, koma akadali wamng'ono moti aliyense amadziona kuti ali ndi ufulu womufunsa. Mukasankha mtsikana, dziwani kuti ulendo wasinthiratu. Anthu adzamulonjeza ntchito ya m'nyumba, madalaivala ena adzamukomera mtima mokayikitsa. Zoopsazo wowerenga azimve zikuyandikira, koma musazijambule. Mwana si chionetsero.

Jambulani njira, muyeze mtunda

Apa ndi pamene muyenera kutayapo nthawi. Mwana wongothawa osadziwa kolowera amatopetsa pofika mutu wachinayi. Mpatseni kumene akupita. Wathuyu akufuna amayi ake ku Phalombe, ndipo chimene akukumbukira n'chakuti pobwera anakwera lole usiku wonse, nawoloka mtsinje waukulu.

Tsegulani mapu, kaya apepala kaya a mufoni, mulembe malo onse m'dongosolo lake. Kuchoka pa Kasungu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 mumsewu wa M1, kudzera pa Madisi, Mponela ndi Lumbadzi. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre ndi makilomita opitirira pang'ono 300, kudzera pa Nathenje, Dedza, Lizulu, Ntcheu, Chingeni, Zalewa ndi Lunzu. Akafika ku Limbe ulendo sunathe, patsala kulowera ku Chiradzulu mpaka kuseri kwa phiri la Mulanje.

Ndinaphunzira kuyeza mtunda mochititsa manyazi. Ndinalembapo mutu wina momwe mwana ananyamuka pa Dedza dzuwa litalowa n'kukafika pa Ntcheu tambala woyamba akulira, wapansi, wopanda nsapato. Ndinawawerengera amalume anga omwe anayendetsa malole zaka zambiri mumsewu umenewu. Anandisiya ndimalize, kenaka n'kundifunsa modekha kuti, "Kodi mphwanga, mwana wakoyu ndi wa ndege ya lichero?" Pakati pa malo awiriwa pali makilomita opitirira 70. Mwana wanjala, wobisala akamva galimoto, mukamuyendetsa makilomita 15 kapena 20 pa tsiku mwamuyendetsa kwambiri, ndipo tsiku lachitatu mapazi adzakhala atatupa. Choncho mbali yaikulu ya ulendo ayenera kukwera kanthu, kaya lole ya mabelo a fodya yopita ku Kanengo, kaya kabaza, ngolo kapena matola, ndipo kukwera kulikonse kumatanthauza kuyankhula ndi munthu wamkulu. Pamenepo ndi pamene pali nkhani.

Mapu adzakupatsani mphatso zimene simukanapeka nokha. Pa Lizulu msewu womwewo ndiwo malire, mbali ina Malawi mbali ina Mozambique, anthu n'kumawoloka ndi madengu a kachewere ndi kabichi ngati palibe kanthu. Mwana amene waona yunifolomu angathe kulumpha msewu n'kupezeka ali dziko lina osadziwa. Pa Chingeni msewu umagawikana, wina wa ku Zalewa, wina wa ku Balaka ndi Liwonde. Asankhe uliwonse, kutsogolo kuli Shire. Pa Zalewa pali mlatho ndi chipata cha apolisi, pa Liwonde pali baraji, ndipo m'madzimo muli ng'ona ndi mvuu. Simunavutike kufuna pampondachimera pa buku lanu, mtsinje wakupatsani. Wowerenga aliyense amene anakwerapo basi ya ku Blantyre adzayamba kuda nkhawa akadali pa Ntcheu, chifukwa akudziwa chimene mwanayo sakudziwa.

Ngati mungathe, kwerani basi mudutse njirayi muli ndi kope. Lembani zimene mwana wanjala angaone, osati zimene mlendo woona malo angaone: utsi wa kanyenya, mpopi wa madzi uli kuseri kwa sitolo, khonde la tchalitchi losatsekedwa, galu wogona pakhomo la chigayo. Ku Lilongwe tsikani muyende wapansi kuchokera mudepoti, mudutse mumsika mpaka kutimilatho tamitengo ta pamtsinje wa Lilongwe tolipiritsa powoloka. Muone kumene ana a mumsewu amagona ndi mmene amagawirana malo opemphera.

Mwezi wake

Chachinayi n'chachifupi koma musachilumphe. Nkhani ya chigafa chodzaza fodya ikugwa cha mu Malichi kapena Epulo. Nthawi imeneyo chimanga chatalika, mwana angalowe m'munda n'kusowa, ndipo muli mondokwa, nkhaka ndi misale. Koma mvula ikugwabe, mitsinje yadzaza, udzudzu uli ponseponse. Mukaisunthira mu Julaye, minda yayera, munthu amaoneka ali kutali, ndipo usiku wa pa Dedza ungaphe mwana wa kabudula ndi malaya okha. Mu Okutobala chimene chingamugwetse ndi ludzu. Sankhani mwezi umodzi ndipo muusunge. Musamudyetse mango mu Juni.

Zimene zili m'thumba mwake

Lembani pakapepala zonse zimene watuluka nazo, ndipo zikhale zochepa: machesi aja, kampeni kosokera fodya, nambala ya foni ya mnansi wa amayi ake yolembedwa kuseri kwa chikuto cha kope koma manambala awiri omaliza atafufutika ndi mvula, ndi ndalama zimene watenga pansi pa mphasa ya amalume ake. Chilichonse mwa izi chidzagwire ntchito kamodzi m'bukumo, ndipo chimodzi chidzamupereke m'manja mwa adani.

Pa ndalama samalani ndi chaka. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa minibasi kapena mbale ya chipisi umene munkaudziwa kale si wa lero. Sankhani chaka cha nkhani yanu, mufunse mitengo ya chaka chimenecho, kenaka muziwerengera ngati mayi wa banki mkhonde. Wowerenga azidziwa nthawi zonse kuti zatsala zingati. Kumbukiraninso kuti ndalama yaikulu ndi vuto. Mwana wosasamba wotulutsa K5,000 yatsopano, imene inayamba kugwira ntchito mu 2022, kuti agule zitumbuwa ziwiri, wadziitanira funso lija. Wogulitsa alibe chenje, aitana mnzake, mnzakeyo aitananso wina, ndipo anthu atatu amuona nkhope.

Njala muilembe mwatsatanetsatane kuposa mantha. Mantha wowerenga aliyense amawaganizira yekha, koma mwana amene akutola makoko a nthochi pansi pa benchi ya mudepoti n'kumakanda mkati mwake ndi mano, maso ali kwa kondakitala, ameneyo saiwalika.

Omusaka

Tsopano pangani anthu amene ali pambuyo pake, ndipo asakhale a mtundu umodzi. Kapitawo akumufuna asanayankhule ndi aliyense. Ali ndi njinga yamoto, ali ndi mayunitsi, amadziwa kwawo kwa mwanayo chifukwa ndi iye anakatenga matenanti ku Phalombe. Ameneyu sathamangitsa, amatsogola n'kukadikira. Pozindikira zimenezi wowerenga amagwira mtima, chifukwa malo amene mwana akuwaona ngati chipulumutso ndi amene pali msampha.

Wapolisi mumulembe ngati munthu. Galimoto ya pasiteshoni ndi imodzi, mafuta mulibe, amakwera kabaza ndi ndalama yake. Ali ndi mwana wa msinkhu womwewo. Poyamba akukhulupirira za kapitawo, koma pali kanthu kakang'ono kosamukhalira bwino, monga fungo la petulo paphulusa pamene akumuuza kuti moto unayamba ndi chitsononkho. Mitu ina muilembe kuchokera kwa iyeyu kuti wowerenga aziona mbali zonse ziwiri zikuyandikirana.

Wachitatu ndiye woopsa kwambiri, ndipo alibe dzina. Ndi chithunzi chimene wina anajambula mwanayo akusoka fodya, chimene tsopano chikuyenda m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook ndi mawu oti "mwana wopha mlonda". Chafika kwa apolisi a m'mudzi, kwa anyamata a kabaza, kwa oitanira minibasi. Pofika tsiku lachinayi nkhani yakula, akuti anapha anthu atatu, akuti amasanduka. Amene akukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo akudziwa mmene zimakhalira: anthu anatchinga misewu, alendo ankafunsidwa mafunso usiku, ndipo ena anaphedwa. Mawu akuti "Wakuba! Wakuba!" pamsika amathamanga kuposa galimoto ya apolisi.

Omuthandiza, ndi mabodza ake

Apa ndi pamene buku lanu lidzapambane kapena kugwa. Munthu aliyense wokumana ndi mwanayu apatsidwe chifukwa chomuthandizira ndi chifukwa chomuperekera, zonse ziwiri zoona. Agogo amene amupatsa phala ndi omwewo amene akuona kuti n'kulakwa kugoneka mlendo osadziwitsa amfumu. Dalaivala wa lole amene wamubisa pakati pa mabelo akuopa kuti akapezeka naye pachipata adzamuganizira zozembetsa ana, mlandu waukulu chikhazikitsireni lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2015. Mtsogoleri wa ana a mumsewu amupatsa malo ogona koma akufuna theka la ndalama zake.

Mabodza a mwana muwakonze bwino. Amanama ndi zinthu zimene akuzidziwa, ndipo amakodwa pa tinthu ting'onoting'ono. Onani kachitsanzo aka:

"Wati kwanu n'kuti, mwanawe?"

"Konkuno, agogo. Kuseri kwa phiriko."

"Kwa mfumu yani?"

Anayang'ana phiri lija ngati dzina lalembedwa pamenepo. Agogowo anapitiriza kusenda chinangwa, osamuyang'ana.

"Mfunda wako ndani?"

"Phiri."

"Phiri woyankhula chonchi sindinamuone. Idya kaye."

Palibe mfuti, palibe wathamanga, koma wowerenga mtima uli m'mwamba. Lilime la mwana wa ku Phalombe limamuulula ku Dowa, monga mmene la mwana wa ku Dowa lingamuululire ku Nsanje. Gwiritsani ntchito kusiyana kwa kayankhulidwe kathu. Ndipo mawu akuti "idya kaye" asiyeni choncho, wowerenga asadziwe ngati agogowa akumuchereza kapena akumuchedwetsa pamene mdzukulu wawo wathamangira kwa amfumu.

Ulemu usathe chifukwa cha liwiro. Mwana wathu, ngakhale akuthawa, adzanjuta polandira chakudya, adzalandira ndi manja awiri, adzati "zikomo amayi". Pamene wayamba kuiwala zimenezi, kulanda m'malo mopempha, kuyankha akulu mwamwano, wowerenga adziwa yekha kuti msewu ukumusintha. Simufunikira kunena.

Mawu a mfotokozankhani ndi kagawidwe ka mitu

Sankhani ngati mwanayo azifotokoza yekha kapena inu muzifotokoza muli paphewa pake. Njira iliyonse ili bwino malinga musamupatse nzeru za munthu wa ku yunivesite. Mwana wa sitandade 4 sanena kuti "ndinalingalira za kupanda chilungamo kwa dziko". Amanena kuti kapitawo anali ndi nsapato ziwiri zosiyana zingwe. Sadziwa mayina a malo, amawerenga zikwangwani movutikira, ndipo toll gate ya pa Kalinyeke angaione ngati chipata chomugwirira iyeyo. Kulakwitsa kotereku kumaseketsa ndi kumvetsa chisoni nthawi imodzi.

Chichewa chili ndi chuma chimene nkhani zothamangitsana zimafuna, ndicho mvekero. Mwana ali phee m'chimanga, tochi ili ng'ani ng'ani, mtima uli gu gu gu, wina wangoti tulukiru. Koma musathire ngati mchere wa munthu woledzera. Umodzi pamalo oyenera umaposa khumi.

Musanalembe mutu woyamba, jambulani tebulo pa pepala lalikulu mulimate pakhoma. Mzere uliwonse ndi tsiku limodzi la ulendo. Mulembepo kumene wadzuka, chimene wadya, kumene wagona, ndalama zimene zatsala, amene wamuona, ndi kumene kuli kapitawo ndi wapolisi tsiku limenelo. Masiku 9 kapena 10 ndi okwanira. Ulendo wa miyezi itatu umaphwetsa nthumanzi. Mukagawa masikuwo m'mitu 30 ya mawu pafupifupi 1,500 uliwonse, mupeza buku la mawu 45,000, lokwana bwino m'manja ndiponso losadula kwambiri kusindikiza. Tebuloli ndi limene lidzakuuzani kuti mwana wanu sanamwe madzi masiku awiri, kapena kuti kapitawo wafika pa Zalewa asananyamuke ku Kasungu.

Mutu uliwonse uthe mwana ali pamalo oipirapo kapena atadziwa chinthu chatsopano. Koma musathamangitse wowerenga osamupumitsa. Cha pakati pa buku mupatseni mwanayo tsiku limodzi labwino: wasamba, wadya nsima ya usipa, wasewera mpira wachikulunga ndi anzake, waseka koyamba. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Madzulo a tsiku lomwelo wina atulutse foni n'kuyang'ana chithunzi, kenaka n'kuyang'ana mwanayo.

Kuwoloka Shire, ndi amene adzamukhulupirire

Pofika pamtsinje zonse zimene munadzala zikolole. Ndalama zatha. Kapitawo waima pafupi ndi ogulitsa malonda a pachipata, akuyang'ana minibasi iliyonse pamene anthu akutsika. Wapolisi uja nayenso wafika, koma tsopano akufuna mwanayo ngati mboni, chinthu chimene mwanayo sakudziwa. Pali mwini bwato amene akuti amuwolotsa kukada. Njira iliyonse ili ndi mano. Chofunika n'chakuti mwana asankhe yekha, ndipo chisankhocho chichokere pa zimene waphunzira mumsewu. Asapulumutsidwe ndi mvula yamwadzidzidzi kapena mlendo wachifundo amene sitinamuonepo.

Funso lenileni la buku lotere ndi lakuti ndani adzamvetsera mwana. Mathero abwino ndi pamene mwanayo, amene wanamiza aliyense kwa masiku 9, wasankha munthu mmodzi n'kumuuza zoona. Akhoza kukhala wapolisi wa ku Victim Support Unit, mlangizi wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kapena mawu a munthu wosamuona pa nambala yaulere yothandiza ana ya 116, imene mwanayo anaiona pa chipepala chomatidwa pakhoma la chipatala m'mutu wachisanu osaiganizira. Ngati nambalayo idzagwire ntchito kumapeto, ionekere kumayambiriro. Chimodzimodzi umboni womumasula. Kapitawo asangogwada n'kuulula chifukwa masamba atsala pang'ono kutha. Chigubu chija chikhale ndi chizindikiro chimene mwana yekha ndiye anachiona, ndipo wogulitsa petulo wa m'mabotolo pamsika akhale atatchulidwa kale.

Musakonze zonse. Mwana wamasuka, koma amalume ataya malipiro a chaka chonse, mkazi wa mlonda akadali wamasiye, ndipo chithunzi chija chikadali m'mafoni a anthu amene sadzamva kuti mlandu unatha bwanji.

Mukamaliza kulemba

Lisiyeni milungu iwiri osalitsegula. Kenaka liwerengeni mokweza, mutu umodzi pa tsiku. Pamene lilime lapunthwa, kawirikawiri pansi pake pagona Chingerezi. Dzifunseni kuti agogo anu akananena bwanji, mulembe chimenecho. Mitu ya mumsewu mupatse kondakitala kapena dalaivala awerenge, ya kuesiteti mupatse munthu amene anakhalapo tenanti, ya kupolisi ndi kukhoti mupatse amene anagwirapo ntchito ndi milandu ya ana. Komaliza pezani mwana wa fomu 1 mumupatse mitu itatu yoyamba, inu mukhale poteropo muzimuyang'ana. Pamene wadzutsa mutu n'kuyang'ana panja, ikani chizindikiro, pamenepo pafunika kudula.

Mayina a maboma, misewu ndi misika asiyeni enieni, koma esiteti, mudzi, sukulu ndi anthu onse a m'nkhanimo akhale opeka, ndipo mufufuze kuti dzina limene mwapekalo silikugundana ndi esiteti yeniyeni ya m'deralo. Ngati maganizo munawatenga pa nkhani yoona ya mwana wina, sinthani boma, chaka, msinkhu ndi mlandu kuti ngakhale achibale ake asamuzindikire. Kalembedwe ka mawu kakhale kamodzi buku lonse: ngati mwayamba ndi "m'mudzi" musadzalembe "mmudzi" pa tsamba 80. Nambala yozindikiritsa buku, ya ISBN, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, za umwini wa buku mufunse ku COSOMA, ndipo ku Malawi Writers Union mungapeze olemba anzanu oti akuwerengereni buku lisanapite kosindikiza. Pepala la tebulo lija musalitaye, mkonzi adzakufunsani kuti mwanayo anagona kuti usiku wachisanu ndi chimodzi.